Mbuzi Ikakondwa, Amalonda Ali Pafupi

Pa mabodza onse amene atsogoleri a maiko ang'onoang'ono amanamiza nawo anthu awo, lakuti "musaope, tili ndi bwenzi lamphamvu" ndi limene ladzaza manda kwambiri. Mtsogoleri amapita ku Moscow kapena ku Washington, amamulandira ndi mizinga yaulemu, amajambulidwa akugwirana chanza ndi mwini nyumba, ndipo pobwerera kwawo amatsika ndege chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Akatero amayamba kuyang'ana malire a mnansi wake ndi diso lina. Ana a anthu osauka amavekedwa yunifomu, amapatsidwa mfuti zochokera kutali, n'kuuzidwa kuti kumbuyo kwawo kuli chimphona chimene sichidzawataya. Ine ndikuti chimphonacho chimataya, ndipo chimataya pa tsiku limene chawerengera kuti phindu latha. Ndikutinso mlandu wa imfa zotsatirapo sugwera chimphona chokha. Umagweranso, mwina koposa, mtsogoleri amene anadziwa, kapena amene anayenera kudziwa, kuti akutchova juga ndi magazi a anthu ake.

Kuti ndisalankhule za m'maluwa, tiyeni tipite kumpoto chakum'mawa kwa kontinenti yathu ino, kumene Ethiopia ndi Somalia anamenyana mu 1977 ndi 1978 polimbirana chipululu cha Ogaden. Nkhondo imeneyi ndi sukulu yokwanira kwa aliyense wofuna kudziwa chimene maiko amphamvu amafuna akamathandiza anzawo, komanso pamene thandizo lawo limalekezera.

Kuyambira mu 1953, Ethiopia wa Mfumu Haile Selassie anali bwenzi la ponda apa m'pondepo la America. Asilikali a Ethiopia anakamenya nawo nkhondo ku Korea, America anali ndi siteshoni yake yomvetsera mauthenga ku Asmara yotchedwa Kagnew, ndipo gawo lalikulu la thandizo la zankhondo limene America ankapereka kumwera kwa Sahara linkathera ku Addis Ababa. Somalia, amene analandira ufulu mu 1960, anali ndi loto lake. Nyenyezi ya pa mbendera yake ili ndi nsonga zisanu, kuimira madera asanu okhala Asomali, ndipo atatu mwa maderawo anali kunja kwa malire ake: Djibouti, kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, ndi Ogaden wa ku Ethiopia. Popeza mdani anali m'manja mwa America, Somalia anatembenukira ku Soviet Union. Mkulu wa asilikali Mohamed Siad Barre atalanda boma mu Okutobala 1969, ubwenziwo unakula, ndipo mu Julayi 1974 maiko awiriwa anasainirana pangano la ubwenzi ndi mgwirizano.

Kodi anthu a ku Moscow anaona chiyani mwa abusa a ngamila a ku Somalia? Anaona doko la Berbera. Doko limeneli lili pafupi ndi pakamwa pa Red Sea, pamene pamadutsa zombo zambiri za mafuta ndi za malonda pakati pa Ulaya ndi Asia. Kumeneko asilikali a Soviet anamanga malo osungira mizinga, nyumba za mauthenga ndi bwalo lalikulu la ndege. Malipiro ake anali akasinja, ndege za MiG ndi alangizi a zankhondo, mpaka dziko la anthu osakwana 6 miliyoni linakhala ndi akasinja ochuluka kuposa Ethiopia wa anthu oposa 30 miliyoni. Siad Barre ankalitcha pangano limeneli ubale. Ku Moscow linali lendi, ndipo wochita lendi akapeza nyumba yaikulu kuposa imene akukhala, sapempha chilolezo kuti asamuke.

Nyumba yaikuluyo inapezeka. Mu Seputembala 1974 asilikali a Ethiopia anagwetsa Haile Selassie, ndipo pofika Febuluwale 1977 Mengistu Haile Mariam anali atapha anzake opikisana naye n'kutsala yekha pampando. Boma la Jimmy Carter linachepetsa thandizo la zida chifukwa cha nkhanza za boma latsopanoli. Mengistu sanachedwe: mu Epulo anatseka Kagnew n'kupitikitsa Amereka, mu Meyi anali ku Moscow. Tsopano Soviet Union anali ndi abwenzi awiri odana kwambiri. Mu Malichi chaka chomwecho Fidel Castro anali atayesa kuwayanjanitsa pa msonkhano wa ku Aden, powanyengerera kuti apange chitaganya chimodzi cha maiko a sosholizimu, koma Siad Barre anakana chifukwa mtima wake unali pa Ogaden.

Apa ndi pamene pali tchimo la Siad Barre. Anaona ndi maso ake kuti bwenzi lake layamba chibwenzi ndi mdani. M'malo mofatsa, anawerengera kuti ali ndi mapanga awiri. Ngati Moscow akhala chete, apambana ndi zida za Soviet. Ngati Moscow amutaya, Washington amutola, pakuti America, Britain ndi France anali atanena kuti angathe kumugulitsa zida zodzitetezera, ndipo Saudi Arabia ankamukopa ndi ndalama kuti asiyane ndi achikomyunizimu. Mu Julayi 1977 asilikali ake analowa mu Ogaden. Poyamba zinthu zinamuyendera: mu Seputembala tauni ya Jijiga inagwa, ndipo pafupifupi chigawo chonsecho chinali m'manja mwake, kupatula mizinda ya Harar ndi Dire Dawa. Ku Mogadishu anthu ankavina m'misewu.

Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa. Phanga la Washington linatsekeka koyamba. Carter ataona kuti Somalia walumpha malire amene bungwe la OAU linagwirizana mu 1964 kuti asagwedezedwe, anabweza lonjezo lake la zida, chifukwa sanafune kudana ndi Africa yense, makamaka Kenya, chifukwa cha Siad Barre. Phanga la Moscow linachita zoposa kutsekeka. Soviet Union anasiya kupereka zida ku Somalia, ndipo pa 13 Novembala 1977 Siad Barre, atakwiya, anang'amba pangano la 1974 n'kupitikitsa alangizi onse a Soviet. Patangopita masabata ochepa, ndege zikuluzikulu zinayamba kutera ku Addis Ababa usana ndi usiku. Zida za ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni zinafika, pamodzi ndi asilikali a Cuba oposa 10,000 otsogoleredwa ndi Arnaldo Ochoa, ndiponso mkulu wa asilikali a Soviet Vasily Petrov amene anabwera kudzakonza dongosolo la nkhondo. Amene anaphunzitsa asilikali a Somalia kuyendetsa akasinja ndiwo ankauza Ethiopia pofooka pawo. Pa 5 Malichi 1978 Jijiga inalandidwanso, ndipo patapita masiku ochepa Siad Barre analamula otsala amoyo kuti abwerere kwawo.

Taganizirani mnyamata wa ku Somalia amene anali m'kasinja wa Soviet, ataphunzitsidwa ndi mlangizi wa Soviet, n'kuphedwa ndi mzinga wa Soviet. Fakitale imene inapanga chida chake ndi imene inapanganso chomuphera. Makolo ake sanauzidwepo kuti ubale umene ankauimbira nyimbo pa wailesi unali ndi tsiku lothera.

Wina anganene kuti Somalia ndiye anagwa chagada, koma Ethiopia anadyerera, ndiye kuti kukhala ndi bwenzi lamphamvu kuli ndi phindu bola usankhe bwino. Tiyeni timuone wodyererayo. Thandizo la Mengistu linali ndi mpanda kuyambira tsiku loyamba. Asilikali ake atafika pamalire a Somalia, sanawoloke, pakuti Moscow anali atatsimikizira Washington kuti nkhondo ithera pamenepo. Zimphona ziwirizo zinali ndi zokambirana zawo zazikulu zochepetsa zida za nyukiliya, ndipo palibe mwa izo chimene chinafuna kuti mkangano wa m'chipululu uzifikitse pomenyana maso ndi maso. Mengistu atafuna kuti asilikali a Cuba akamuthandize kuthana ndi omenyera ufulu a ku Eritrea, Castro anakana kuwaika kutsogolo kwa nkhondo imeneyo. Zidazo sizinali zaulere. Zinasanduka ngongole ya madola mabiliyoni. Njala itavuta mu 1984 ndi 1985 n'kupha anthu miyandamiyanda, bwenzi la akasinja linalibe tirigu wokwanira woti lipereke, ndipo chakudya chambiri chinachokera ku maiko omwewo amene Mengistu ankawatukwana pa misonkhano.

Choipa koposa n'chakuti zida zobwerazo zinamulanda Mengistu nzeru. Munthu amene amadziwa kuti mawa kubwera ndege ina yodzaza zipolopolo saona chifukwa chokhalira pansi ndi adani ake. Kwa zaka zoposa khumi anakana kukambirana moona mtima ndi Eritrea ndi Tigray, akumatumiza achinyamata ogwidwa mokakamiza kukafera kumapiri a Nakfa. Kenaka ku Moscow kunabwera Mikhail Gorbachev, amene anali ndi mavuto ake a chuma ndipo ankafuna mtendere ndi America. Mengistu anauzidwa kuti apeze njira ya ndale yothetsera nkhondo zake, zida zinayamba kuchepa, asilikali a Cuba anabwerera kwawo. Pa 21 Meyi 1991 anakwera ndege n'kuthawira ku Zimbabwe, ndipo patatha sabata imodzi zigawenga zinalowa mu Addis Ababa, America akuvomereza.

Siad Barre naye anapeza bwenzi latsopano mochedwa. Ufumu wa Shah utagwa ku Iran mu 1979, ndipo Soviet Union atalowa mu Afghanistan kumapeto kwa chaka chomwecho, America anakumbukira kuti Berbera ndi doko labwino. Mu Ogasiti 1980 anasainirana pangano, ndipo bwalo la ndege lomangidwa ndi Soviet linayamba kutumikira America. Mwini lendi anasintha, nyumba inali yomweyo. Koma dziko linali litasweka kale mkati. Anthu oposa theka la miliyoni anali m'misasa ya othawa kwawo, asilikali okhumudwa anayesa kulanda boma mu Epulo 1978, ndipo Siad Barre anayamba kulanga mafuko athunthu. Mu 1988 ndege za boma lake zinaphulitsa Hargeisa, mzinda wachiwiri wa dziko lake lomwe. Mpikisano wa zimphona utatha, Berbera anatha mtengo, ndipo America anasiya kupereka. Mu Januwale 1991, Mogadishu akuyaka moto, mahelikopita a America anatera pa ofesi ya kazembe wawo kudzapulumutsa alendo. Pakati pa opulumutsidwawo panali kazembe wa Soviet Union ndi antchito ake. Adani awiri amene anadzaza dzikolo ndi mfuti anachoka pa ulendo umodzi, kusiya Asomali ndi mfutizo. Siad Barre anathawa mwezi womwewo ndipo anakamwalira ku Lagos mu 1995.

Choncho wopambana wa 1978 ndi wogonja wake anagwa m'chaka chimodzi, motalikirana miyezi inayi yokha. Izi si tsoka la mphepo. Ndi mmene malonda amenewa amayendera, ndipo aliyense angathe kuwawerenga.

Dziko lamphamvu limalowa m'nkhondo ya eni ake pofuna chinthu chimene lingachitchule: doko, bwalo la ndege, mgodi, njira ya mafuta, kapena mwayi wotopetsa mdani wake popanda kutaya ana ake. Chinthu chimenechi chili ndi mtengo, ndipo thandizo silipitirira mtengowo. Kwa iwe nkhondo ndi ya moyo ndi imfa, pakuti ukagonja ulibe kwina kopita. Kwa iye ndi imodzi mwa nkhani makumi angapo zimene zili pa tebulo lake m'mawa uliwonse. Iwe ukufuna kupambana. Iye nthawi zambiri amakhutira ukangokhala wosagonja, chifukwa kupambana kwako kungathe kukwiyitsa chimphona chinzake kapena kukupatsa mphamvu zoti usamumverenso. Pamwamba pa izi, iye ali ndi zisankho zake, nyumba ya malamulo yake, ndi atsogoleri amene amasintha. Lonjezo limene anakupatsa mtsogoleri wa dzana silimanga manja a mtsogoleri wa mawa.

Amene akuganiza kuti khalidwe limeneli linali la Moscow yekha afunse Akurdi a ku Iraq. Mu 1972 Richard Nixon ndi Shah wa ku Iran anagwirizana zothandiza mwachinsinsi Mustafa Barzani ndi ankhondo ake polimbana ndi boma la Baghdad. Barzani anakhulupirira America ndi mtima wonse. Mu Malichi 1975, ku Algiers, Shah ndi Saddam Hussein anamvana za malire a pa mtsinje wa Shatt al-Arab, ndipo thandizo linadulidwa nthawi yomweyo. Akurdi zikwizikwi anathawira ku Iran. Komiti ya nyumba ya malamulo ya America imene inafufuza nkhaniyi pambuyo pake inapeza kuti othandizawo sankafuna n'komwe kuti Akurdi apambane. Ankangofuna kuti nkhondo ipitirire pa mlingo wokwanira kufooketsa Iraq. Barzani anamwalira ku Washington mu 1979, ali mlendo m'dziko limene linamugulitsa.

Kuno kummwera tili ndi Jonas Savimbi. Mu 1986 Ronald Reagan anamulandira ku White House monga ngwazi ya ufulu, ndipo UNITA inapatsidwa mizinga yogwetsera ndege ya Stinger. Chimene America ankafuna chinali chakuti asilikali a Cuba achoke mu Angola. Pangano la ku New York la Disembala 1988 litapereka zimenezo, mtengo wa Savimbi unayamba kutsika. Atakana zotsatira za chisankho cha 1992 n'kubwerera kutchire, America anavomereza boma la MPLA mu 1993, pakuti mafuta a ku Cabinda anali kumbali ya boma. Pa 22 Febuluwale 2002 Savimbi anawomberedwa m'chigawo cha Moxico, ndipo dziko lonse linaona chithunzi cha mtembo wake uli gone pansi pa mtengo. Patangotha masabata asanu ndi limodzi nkhondo ya zaka 27 inatha. Tiyerekeze anthu amene akadakhala ndi moyo ndi miyendo yawo munthu ameneyu akadapanda kuuzidwa kuti ndi ngwazi.

Ife Amalawi sitingamve nkhanizi ngati nthano za kutali. Mozambique wa Samora Machel anasaina pangano la ubwenzi ndi Soviet Union mu 1977. South Africa wa tsankho atayamba kumuzunza kudzera mwa Renamo, zinaoneka kuti bwenzilo silinali lokonzeka kumuteteza mokwanira ngakhale kumunyamula pa chuma. Pempho lake lolowa m'bungwe la zachuma la maiko a chikomyunizimu, Comecon, linakanidwa. Pa 16 Malichi 1984 Machel anakakamizika kukhala pansi ndi P. W. Botha m'mbali mwa mtsinje wa Nkomati. Nkhondoyo inatitsekera njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wathu n'kumazungulira mpaka ku Durban pa mtengo wokwera, ndipo inatibweretsera abale athu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi madera ena. Anthu a m'maboma amenewa akudziwa kuti nkhondo yodyetsedwa ndi alendo siiona malire.

Masiku ano nawonso sanasinthe kanthu. Mu Febuluwale 2020 ku Doha, America anasaina pangano ndi a Taliban popanda boma la Afghanistan limene analidyetsa kwa zaka pafupifupi 20, ndipo pa 15 Ogasiti 2021 Kabul inagwa. Nkhani ya Ukraine ndi yosiyana pa mfundo yaikulu, yakuti iye sanapute nkhondo. Anachita kulowereredwa ndi Russia mu 2014 ndi mu 2022, ngakhale kuti mu 1994 ku Budapest anapereka zida za nyukiliya zimene zinali m'dziko lake posinthana ndi malonjezo akuti malire ake adzalemekezedwa. Thandizo limene analandira linali lalikulu ndipo linamupulumutsa kuti asamezedwe. Komabe linabwera moyezedwa ndi supuni. Akasinja a Abrams anavomerezedwa mu Januwale 2023, chilolezo chowombera mizinga yakutali ya America mkati mwa Russia chinabwera mu Novembala 2024, ndipo ndalama zokwana madola 61 biliyoni zinakhala miyezi yambiri zitakanirira m'nyumba ya malamulo ya America mpaka Epulo 2024, asilikali kunkhondo akuwerenga zipolopolo. Boma litasintha ku Washington, mu Malichi 2025 thandizo linaimitsidwa kwa masiku angapo, ndipo mwezi wotsatira maiko awiriwa anasainirana pangano lokhudza miyala ya mtengo wapatali ya Ukraine. Ngakhale amene chilungamo chili kumbali yake amakumana ndi mpanda womwewo.

Ndikuwamva otsutsa. Akuti, kodi South Korea akadakhalapo lero popanda asilikali a America mu 1950? Kodi Namibia akadalandira ufulu mu 1990 asilikali a Cuba akadapanda kuima ku Cuito Cuanavale? Kodi Zimbabwe, Mozambique ndi Angola anamasulidwa ndi mauta? Mafunso awa ndi oona, ndipo sindikunena kuti thandizo la maiko amphamvu ndi utsi chabe. Mfuti ya mlendo imapha ngati mfuti ina iliyonse. Chimene ndikunena n'chakuti thandizo limakhalitsa pokhapo pamene zofuna za wothandiza zikuyenda njira imodzi ndi zako, ndipo ntchito ya mtsogoleri wanzeru ndi kudziwa pamene njira ziwirizo zidzapatukane. America anakhalabe ku Korea chifukwa Korea ali pakhomo pa Japan ndi China. Somalia analibe mwayi wotero, ndipo Siad Barre ankadziwa mapu. Omenyera ufulu amene anapambana ndi amene anali ndi anthu awo kumbuyo, amene thandizo lakunja linali ndiwo chabe, nsima ali nayo kale. Ku Eritrea komweko, gulu la EPLF linamenya nkhondo popanda chimphona chilichonse cholidyetsa, likugwiritsa ntchito akasinja olanda kwa Mengistu, ndipo ndilo linalowa mu Asmara mu 1991. Zimene atsogoleri ake anachita ndi ufuluwo pambuyo pake ndi mlandu wina wowawa, koma phunziro la nkhondoyo silifufutika.

Otsutsa ena ndi amene amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa amalankhula ngati okonda Africa. Iwo akuti tisadzudzule atsogoleri athu, olakwa ndi azungu amene anatigwiritsa ntchito. Inde anatigwiritsa ntchito, ndipo mbiri iwaweruze. Koma fisi akalowa m'khola, sitithera tsiku lonse kutukwana fisi chifukwa chokhala fisi. Timafunsa amene anasiya chitseko chosatseka. Brezhnev sanalamule Siad Barre kuti alowe mu Ogaden, anamuletsa ndithu. Palibe wa ku Moscow amene anagwira dzanja la Mengistu kuti aphe ophunzira m'misewu ya Addis Ababa. Reagan sanavotere Savimbi mu 1992, ndipo sanamutume kukana zotsatira. Kunena kuti anthu awa anali zidole chabe n'kuwachotsera mlandu, komanso n'kunyoza Mwafirika ngati munthu wosatha kusankha. Anasankha, ndipo kawirikawiri anasankha bwenzi lakunja chifukwa linawamasula ku udindo womvera anthu awo. Mtsogoleri amene mfuti zake zimachokera ku msonkho wa anthu ake amayenera kuwafotokozera chifukwa chomenyera nkhondo. Amene mfuti zake zimatsika m'ndege usiku safunsa munthu.

Palinso ife eni, anthu wamba, amene timakangana m'maminibasi ndi m'malo omwera tiyi, wina ali wa Russia, wina wa America, wina wa China, ngati tikukamba za matimu a mpira. Timasangalala tikamva kuti dziko lina la mu Africa lapitikitsa asilikali a France n'kuitana a Russia, n'kumati ufulu wafika. Mali anachita zimenezi pakati pa 2021 ndi 2022. Ameneyo wasintha mwini lendi monga anachitira Berbera, ndipo funso lofunika silinayankhidwe: watsopanoyo akufuna chiyani, alipidwa ndi chiyani, ndipo adzachoka liti? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mtsogoleri akabwera kuchokera kunja akumwetulira ndi pangano la chitetezo m'chikwama, imeneyo ndi nthawi yoti nzika zigwire mitima.

Sindikulalikira kuti maiko ang'onoang'ono adzipatule ngati afiti. Dziko lopanda doko ngati lathu silingakhale popanda abwenzi, ndipo dziko loukiridwa lili ndi ufulu wolandira mfuti kwa aliyense wopereka. Ndikupempha zinthu zimene munthu aliyense wogulitsa fodya ku okushoni amazidziwa kale. Pangano lililonse la zankhondo ndi dziko lamphamvu liwerengedwe m'nyumba ya malamulo, poyera, anthu amve chimene chaperekedwa ndi chimene chalonjezedwa. Mtsogoleri asayambe nkhondo imene sangathe kuipirira tsiku limene ndege za bwenzi zidzaleke kutera. Pa nthawi imene thandizo lili pachimake, pamene mdani akuopa, ndi pamene ayenera kufunafuna mtendere, chifukwa mtengo wake sudzakweranso kuposa pamenepo. Siad Barre mu Seputembala 1977, Mengistu mu Malichi 1978 ndi Savimbi mu 1991 onse anali ndi mphindi yotere m'manja, ndipo onse anaitaya poganiza kuti mawa bwenzi liwonjezera. Ndipo mnansi, ngakhale woipa chotani, alemekezedwe kuposa bwenzi lakutali, pakuti Ethiopia ndi Somalia akadali moyandikana lero, pamene dziko lotchedwa Soviet Union linafafanizika pa mapu mu Disembala 1991.

Atsogoleri a zimphona amalemba mabuku a mbiri yawo akapuma, ndipo nkhondo ngati ya Ogaden imapatsidwa masamba ochepa, makamaka pofotokoza mmene inasokonezera zokambirana zawo za nyukiliya. Mayina a anyamata amene anatsala m'mchenga pakati pa Jijiga ndi Harar mulibe m'mabuku amenewo. Owakumbukira ndi amayi awo okha, ndipo amayiwo sanafunsidwe pamene pangano linkasainidwa. Tsiku limene mtsogoleri wathu aliyense adzatiuze kuti tisaope chifukwa tili ndi bwenzi lamphamvu, timufunse kuti bwenzilo lagula chiyani kwa ife, ndipo ana amene adzalipire ndi a yani.